Firewall yodikira ikamalephera kufika pa intaneti

Ofesi yonse ili pa intaneti, palibe amene akudandaula. Inu amene mumayang'anira netiweki mwalowa mu firewall yachiwiri mwa ziwiri zimene zimalondera netiweki yanu, ija yongodikira, kuti muike mapulogalamu atsopano, koma ikukuuzani kuti siyikutha kupeza seva ya zosintha. Mwayesa ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo china chiyankha, ku adilesi yakunja ya 8.8.8.8, kuli zii. Mwaganiza kuti mwina chipangizocho chafa, ndiye mwazimitsa firewall yoyamba kuti yachiwiri itenge udindo. Mwadzidzidzi zonse zayamba kuyenda, ping ikuyankha, zosintha zikutsika. Mwayatsanso yoyamba ija, yachiwiri yabwerera pampando wake wodikira, ndipo intaneti yake yathawanso. Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata.

Chimene mwaonacho ndi umboni wamphamvu kwambiri umene mungaupeze, kungoti anthu amaumva mosiyana. Amati poti yagwira ntchito itatenga udindo, ndiye kuti ilibe vuto. Vuto lilipo, ndipo kusinthana udindo kumangolibisa. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona mmene zipangizo ziwirizi zimagawanirana adilesi.

Firewall ndi mlonda wa pakhomo pakati pa netiweki yanu ndi intaneti. Kumene ntchito siyenera kuima, amaika ziwiri. Ina imagwira ntchito, tiitche yaikulu, ina imangokhala tcheru, tiitche yodikira. Pa mapulogalamu a firewall a pfSense ndi OPNsense, omwe onse anamangidwa pa FreeBSD, mgwirizanowu umayendetsedwa ndi CARP, njira imene inachokera ku OpenBSD ndipo inatuluka koyamba mu OpenBSD 3.5 m'chaka cha 2004. Makampani ena amagwiritsa ntchito VRRP kapena HSRP ya Cisco, koma mfundo yake ndi imodzimodzi. Firewall iliyonse ili ndi adilesi yakeyake, ndiye pali adilesi yachitatu yogawana, imene imakhala m'manja mwa amene ali pa udindo panthawiyo. Yaikulu imalengeza pafupifupi sekondi iliyonse kuti ndilipo. Yodikira ikapanda kumva mawu amenewa kwa masekondi pafupifupi atatu, imanyamula adilesi yogawanayo n'kuyamba ntchito. Makompyuta a m'ofesi sadziwa n'komwe kuti kwasintha chinthu, chifukwa iwo amangodziwa adilesi yogawana.

Tiyerekeze ndi manambala. Kampani ya intaneti yakupatsani chipata, kutanthauza adilesi ya rauta yawo imene mumatulukira popita ku intaneti, 203.0.113.1. Firewall yaikulu ndi 203.0.113.2, yodikira ndi 203.0.113.3, ndipo yogawana ndi 203.0.113.4. Chilichonse chochokera kunja cholembedwa 203.0.113.4 chimakafika kwa yaikulu basi. Yodikira ikafuna kulankhula ndi dziko lakunja payokha, iyenera kudzitchula 203.0.113.3. Ikadzitchula 203.0.113.4, zili ngati munthu wolemba kalata n'kuikapo keyala ya mkulu wake. Kalatayo imafika bwinobwino, wolandira amayankha mwaulemu, koma yankho limakagwera m'manja mwa mkuluyo, amene sanafunse kanthu. Wolemba uja amangokhala kudikira mpaka kutopa.

Mwa milandu yotere imene ndaiona, yochuluka imathera pamenepa, ndipo wolakwa amakhala lamulo la NAT yotuluka. NAT ndi imene imasintha adilesi ya mkati ya kompyuta, monga 192.168.1.50, kukhala adilesi ya panja paketi, kutanthauza kachidutswa ka uthenga, isanatuluke. Pomanga firewall ziwiri, malangizo amanena kuti makompyuta a mkati azituluka ndi adilesi yogawana, kuti yaikulu ikagwa, zimene anthu anali kuchita zisaduke. Zimenezi n'zolondola. Koma munthu wofulumira, potopa ndi kulemba netiweki iliyonse payokha, amangolemba lamulo limodzi lakuti chochokera kulikonse chituluke ndi adilesi yogawana. Mawu akuti any amene wasankhawo akuphatikiza ndi firewall yeniyeniyo. Pa yaikulu sizioneka, poti adilesi yogawanayo ndi yake panthawiyo. Ndiye lamulolo limakoperedwa ku yodikira, monga amachitira malamulo onse, ndipo kumeneko limaisandutsa wolemba makalata ndi keyala ya mnzake.

Pali kamsampha kena kofanana, kobisika pang'ono. Mapulogalamu ena a mu firewall momwemo amayambira pa 127.0.0.1, adilesi imene chipangizo chilichonse chimadziitanira chokha. N'chifukwa chake pamndandanda wa malamulo a NAT mumapeza mzere wa 127.0.0.0/8, umene umaimira ma adilesi onse oyamba ndi 127. Munthu akamasintha malamulo onse mwamgwirizano kuti aloze ku adilesi yogawana, amasinthira limodzi ndi mzere umenewu. Mzerewu usiyeni uziloza ku adilesi ya WAN ya chipangizocho, kutanthauza ya doko lake loyang'ana ku intaneti. Ubwino wa mawu akuti WAN address ndi woti firewall iliyonse imawamasulira ndi adilesi yake, ngakhale lamulolo likhale lofanana ndendende pa zonse ziwiri.

Kukonza kwake n'kwachidule. Chotsani any, lembani ma netiweki enieni a mkati mmodzimmodzi, ndipo bwezerani 127.0.0.0/8 ku adilesi ya WAN. Koma mukonzere pa yaikulu. Ine ndinatayapo madzulo athunthu pa zimenezi ndili wachinyamata pantchito. Ndinakonza lamulo pa yodikira, ping inayankha, ndinapita kunyumba ndili wokhutira. M'mawa mwake mnzanga anasintha kanthu kakang'ono pa yaikulu, kukopera kunachitika, ndipo zanga zonse zinafufutika. Pa pfSense kukopera kumeneku kumayenda mbali imodzi, kuchoka ku yaikulu kupita ku yodikira, ndipo kumachitika kokha mukangosunga zosintha.

Musanakhudze lamulo lililonse, onetsetsani kaye ndi maso. Lowani mu yodikira, tumizani ping ku chipata cha kampani ya intaneti, kenako ku adilesi ya manambala yakutali, kenako ku dzina la webusayiti. Mayeso atatuwa amakuuzani pamene njira yadukira. Chipata chikakana kuyankha, vuto lili pafupi: kebulo, doko la switch, VLAN (chigawo cha netiweki pa switch) yolakwika, kapena adilesi ndi mask zimene zinalembedwa molakwika. Kumbukirani kuti ma adilesi a madoko sakoperedwa, munthu amalemba pamanja pa chipangizo chilichonse, ndipo kuiwala kusankha chipata pa WAN ya yodikira n'chinthu chimene chimachitika ngakhale kwa akatswiri. Lamulo la netstat -rn likuonetsani ngati pali njira yotulukira n'komwe. Manambala akamayankha koma mayina ayi, nkhani ndi ya DNS, imene imamasulira mayina kukhala ma adilesi a manambala, tibwerako.

Chida chimene sichinama ndi tcpdump, pulogalamu yoonetsa mapaketi amene akudutsa pa doko. Tsegulani mawindo awiri, limodzi pa WAN ya yodikira, lina pa WAN ya yaikulu, onse akusefa mapaketi a ICMP, amene ping imagwiritsa ntchito. Ndiye tumizani ping kuchokera pa yodikira. Pa windo loyamba muona mafunso akutuluka limodzi pa sekondi iliyonse, ndipo yang'anitsitsani adilesi ya wotumiza. Ikakhala 203.0.113.4, mlandu watha. Tembenukirani ku windo lachiwiri, mupeza mayankho aja akufika kumeneko mwandondomeko, ku chipangizo chimene sichinatumize kanthu. Nthawi yoyamba kuona zimenezi munthu amaseka yekha. Mafunso akamatuluka ndi 203.0.113.3 koma osabwera yankho paliponse, ndiye kuti vuto lili kumtunda. Mwina modemu ya kampani ya intaneti inagwira adilesi ya MAC (nambala yodziwikira doko la chipangizo) imodzi yokha ndipo ikukana ina, kapena adilesi imene munapatsa yodikira si yanu monga mmene mumaganizira.

Mfundo yomalizayi ikutifikitsa pa vuto limene lamulo lililonse silingathetse. CARP mwachibadwa imafuna ma adilesi atatu kumbali ya WAN. Kampani ikakupatsani chigawo cha /29, muli ndi ma adilesi 8, awiri sagwiritsidwa ntchito, imodzi ndi chipata, inu mumatsala ndi asanu. Akukwanirani. Ikakupatsani /30, mumatsala ndi imodzi yokha. Anthu amapezabe njira: amapereka ma adilesi a mkati ku madoko a WAN a firewall ziwirizo, n'kusunga adilesi imodzi ya panja ija kuti ikhale yogawana. Kusinthana udindo kumayenda ndithu. Koma yodikira imakhala ilibe dzina loti n'kutulukira nalo kunja, ndipo apa palibe chimene chawonongeka, ndi mmene munamangira. N'chimodzimodzinso ngati WAN yanu imalandira adilesi kudzera pa PPPoE kapena DHCP, njira zimene kampani imagawira adilesi yokha, chifukwa CARP imafuna ma adilesi okhazikika.

Njira yozembera ilipo. Mumauza yodikira kuti pamene ikudikira izituluka kudzera mwa yaikulu, ngati kompyuta wamba ya m'ofesi, ndipo ikatenga udindo ibwerere ku chipata chenicheni. Ena amachita izi ndi gulu la zipata zokhala ndi masanjidwe, ena ndi ka script kamene kamadzuka CARP ikasintha. Zimatheka, ndazionapo zikugwira. Koma ine sindizikonda. Mwaika kachingwe kosalimba pamalo pomwe mukufuna kuti pakhale polimba kwambiri, ndipo ka script kaja kakadzalephera, kadzalephera tsiku lomwelo limene yaikulu yafa, yodikira n'kumatumiza anthu onse kwa mnzake amene kulibe. Kumene n'kotheka, pemphani ma adilesi owonjezera. Kapena ikani rauta patsogolo kuti igwire adilesi ya panjayo, firewall ziwirizo zikhale kumbuyo kwake, podziwa kuti rautayo tsopano ndi chinthu chimodzi chimene chikafa zonse zaima. Walira mvula walira matope, amene wafuna firewall ziwiri wavomeranso zofuna zake.

Za DNS zija. Unbound, pulogalamu yomasulira mayina imene imabwera ndi pfSense ndi OPNsense, ili ndi posankha doko lotulukira mafunso ake. Wina akasankha adilesi yogawana pamenepo, tabwereranso ku kalata ija, kungoti tsopano ikukhudza mayina okha. Sankhani doko la WAN lenileni. Onaninso kuti yodikira sinauzidwe kufunsa mayina ku seva imene imafikirika kudzera mu VPN, njira yachinsinsi yolumikizira ma netiweki kudzera pa intaneti, chifukwa VPN zambiri zimamangidwa pa adilesi yogawana ndipo pa yodikira zimakhala zogona.

Chinthu china chimene chimasokoneza mitu ndi kalondolondo wa chipata. Firewall imatumiza ping mosalekeza ku adilesi imene munasankha kuti idziwe ngati njira ili yamoyo. Ping zimenezi zikagwidwa ndi lamulo loipa la NAT lija, yodikira imalemba kuti chipata chafa, ndipo inu mumayamba kuimbira foni kampani ya intaneti imene ilibe mlandu. Chipata chikaoneka chofiira pa yodikira pokha, kayikirani za m'nyumba mwanu kaye.

Ndiye pali tsiku loipa kwambiri, pamene zonse ziwiri zikudzitcha MASTER, kutanthauza yaikulu. Lembani ifconfig pa iliyonse, mzere wa carp ukuuzani udindo wake, nambala ya gulu yotchedwa vhid, ndi advskew, imene pa pfSense imakhala 0 pa yaikulu ndi 100 pa yodikira. Zonse zikati MASTER, ndiye kuti sizikumvana. Kulengeza kwa CARP kumapita ku 224.0.0.18 pa protocol nambala 112, ndipo switch ikhoza kukumeza, makamaka ngati IGMP snooping, imene imasefa mauthenga opita ku gulu la zipangizo, siinakonzedwe bwino. Pa makina a VMware ESXi, switch yake ya mkati iyenera kuloledwa promiscuous mode, MAC address changes ndi forged transmits, apo ayi mapaketi a adilesi yogawana amatayidwa. Nambala 112 yomweyo ndi imenenso VRRP imagwiritsa ntchito, choncho rauta ya kampani ya intaneti ikakhala ndi nambala ya gulu yofanana ndi vhid yanu, zimakanganirana adilesi ya MAC imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo zikatere odandaula sakhala inu nokha, ofesi yonse imaona intaneti ikubwera n'kumathawa.

Ena amafunsa kuti kodi n'kuvutikiranji, poti yodikira ingodikira. Chifukwa choyamba ndi zosintha. Mwambo wabwino ndi kuyambira kusintha yodikira, kuipatsa udindo kwa kanthawi kuti muone ngati zili bwino, kenako n'kusintha yaikulu. Yodikira yopanda intaneti imakukakamizani kuchita mosemphana, kapena imangotsalira m'mbuyo miyezi ndi miyezi, ndipo pfsync, imene imakopera mndandanda wa malumikizidwe amoyo pakati pa ziwirizi, siidalirika mitundu ya pulogalamu ikatalikirana. Chachiwiri ndi wotchi. Popanda NTP, imene imakonza wotchi kudzera pa netiweki, nthawi imasochera pang'onopang'ono, ndipo tsiku lotenga udindo ma certificate ndi manambala olowera a kanthawi kochepa akhoza kukanidwa. Mindandanda ya ma adilesi oletsedwa nayonso imakhala yakale.

Mukamaliza kukonza, yesani yodikira ili pampando wake wa BACKUP, yaikulu ikuyaka. Tumizani ping -S 203.0.113.3 (-S imasankha adilesi ya wotumiza) ku adilesi yakunja, kenako ping yopanda -S, kenako funsani dzina la webusayiti, ndipo pomaliza dinani batani lofufuza zosintha. Zonse zinayi zikayenda, sinthani kanthu kakang'ono pa yaikulu kuti kukopera kuchitike, n'kubwereza mayeso aja kachiwiri.