Musanamuuze kuti avule, dziwani chimene lamulo lanu likuteteza

Wolemba anthu ntchito ali ndi ufulu wonena momwe antchito ake azivalira, ndipo pamenepa palibe chokangana. Banki ikafuna taye, chipatala chikafuna yunifolomu, fakitale ikafuna jombo, palibe khoti lomwe lingadabwe. Mikangano yomwe imafika pa desiki ya ife oona za anthu ogwira ntchito imayamba pamene lamulo lolembedwa mofanana kwa aliyense likupweteka anthu ena okha. Lamulo loti "kumutu kusakhale kanthu" silimuvutitsa munthu amene sanavalepo chipewa. Kwa mayi wa Chisilamu wovala hijabu, kwa bambo wa chipembedzo cha Chisikh womanga nduwira, kapena kwa mayi wa mpingo umene umafuna duku, lamulo lomwelo likutanthauza kuti asankhe pakati pa malipiro ndi chikhulupiriro.

Bwana akandifunsa ngati akuloledwa kukana chovala china chake, ndimayamba ndamufunsa ineyo kuti lamulo lakelo likuteteza chiyani. Ambiri amayamba kaye akanda kumutu.

Chifukwa chomwe ndimafunsira choncho chimaoneka bwino pa chigamulo chomwe khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linapereka mu Januwale 2013. Amayi awiri a ku Britain, onse Akhristu, onse analetsedwa kuvala kamtanda koonekera pakhosi. Nadia Eweida ankagwira ntchito yolandira okwera ndege ku British Airways, ndipo mu 2006 anabwezedwa kunyumba atakana kubisa mtanda wake. Shirley Chaplin anali namwino wa m'wodi. Eweida anapambana, Chaplin analuza. Mtanda ndi womwewo, chikhulupiriro n'chomwecho, chinasiyana ndi chifukwa choletsera. Kampani ya ndege inkateteza maonekedwe ake pamaso pa anthu, ndipo oweruza anaona kuti kamtanda kakang'ono sikakanawononga maonekedwewo, makamaka poti kampaniyo inkalola kale nduwira ndi hijabu, ndipo inali itasintha yokha lamulolo mu 2007. Chipatala chinkaopa kuti wodwala wosokonezeka mutu akhoza kukoka tcheni cha pakhosi, kapena kamtandako kakhoza kukhudza bala. Chinamupatsanso namwinoyo njira zina zovalira, iye n'kuzikana. Khoti linati pa nkhani ya chitetezo m'wodi, oyang'anira chipatala ndiwo akudziwa bwino kuposa oweruza.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo aliyense ayenera kuwerenga a kwawo. Komabe kaganizidwe kameneka kamapezeka m'maiko ambiri, ndipo muzu wake umodzi ndi pangano nambala 111 la mu 1958 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, lomwe limaletsa tsankho pa ntchito chifukwa cha chipembedzo, mtundu, kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo loteteza moyo, thanzi ndi ukhondo limalimba likafika kukhoti. Lomwe likungoteteza zimene abwana amakonda kuona limagwedera.

Chodzikhululukira chomwe ndimachimva kawirikawiri n'choti "sitinatchule chipembedzo cha munthu aliyense". N'zoona, koma tsankho silifuna kutchula dzina. Mu 2008, Samantha Elauf, mtsikana wa zaka 17, anakafunsira ntchito m'sitolo ya zovala ya Abercrombie & Fitch ku Tulsa, ku America, atavala mpango kumutu. Anakhoza bwino pa mafunso, koma sanamulembe chifukwa malamulo a kampaniyo ankaletsa zovala kumutu. Kampani inati mtsikanayo sanapemphe kuti amuganizire mwapadera. Mu 2015 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 8 kwa mmodzi, kuti wolemba ntchito sangamukane munthu pofuna kuzemba kumuganizira pa chipembedzo chake, ngakhale atangoganizira chabe kuti mpangowo ndi wa chipembedzo. Chikanafunika apa chinali funso limodzi pa tsiku la mafunso: lamulo lathu ndi ili, kodi likuvutani? Safunsa anadya phula.

Chodzikhululukira chachiwiri ndi makasitomala. Ichi ndimachikana msanga. Asma Bougnaoui, injiniya wa zamakompyuta ku France, anachotsedwa ntchito kasitomala atadandaula za hijabu yake. Mu Marichi 2017 khoti la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linati kufuna kusangalatsa kasitomala wotere sikungatengedwe ngati chofunikira chenicheni cha ntchitoyo. Ndipo n'zomveka, chifukwa kasitomala yemweyo mawa akhoza kudana ndi khungu la munthu. Tsiku lomwelo khotilo linaperekanso chigamulo pa mlandu wa Samira Achbita, wolandira alendo ku kampani ya G4S ku Belgium, n'kunena kuti kampani ikhoza kuletsa zizindikiro zonse zooneka, za ndale ndi za chipembedzo chilichonse, ngati lamulolo likugwira aliyense mofanana, likukhudza okhawo okumana ndi makasitomala, ndipo kampani yayesa kumupezera munthuyo malo ena asanachotsedwe. Kunena zoona, njira imeneyi ine sindiikonda. Papepala imaoneka yachilungamo, koma wovala kamtanda akhoza kukalowetsa m'malaya, pomwe nduwira ilibe kobisala.

Pa chitetezo ndi pomwe abwana ali ndi mphamvu zenizeni, ndipo sindingalangize aliyense kuti anyengerere. Nsalu yolendewera pafupi ndi makina ozungulira imapha. Chophimba kumphuno chothina chija, chomwe amavala ogwira ntchito ndi mankhwala oopsa kapena fumbi la miyala, sichigwira bwino ngati pali ndevu, chifukwa mpweya woipa umalowera m'mbali. Koma ngakhale pano, kuletsa sikukhala yankho loyamba. Pali mipango yothina yopanda mbali zolendewera, yomwe imalowetsedwa m'kolala. Pali zisoti zopopera mpweya zomwe zimaphimba mutu wonse ndipo sizidalira kuti munthu amete. Ophika a ndevu amavala ukonde wa kuchibwano. Zipatala za ku England zitakhazikitsa mu 2007 lamulo loti mikono izikhala yosaphimba kuyambira m'chigongono kuti anthu azisamba m'manja bwino, anamwino ndi madokotala ena a Chisilamu anavutika, ndipo mu 2010 malangizo anasinthidwa kulola manja a malaya ovala kamodzi n'kutaya. Britain inafika polola a Chisikh ovala nduwira kusavala chisoti cholimba pa malo omanga nyumba kuyambira mu 1989, n'kuwonjezera malo ambiri a ntchito mu 2015. Koma musathamangire kutengera zimenezi: kumeneko ndi nyumba ya malamulo yomwe inasenza udindowo, osati kapitawo wa pa ntchito. Komwe lamulo la boma likufuna chisoti, chisoti chivalidwe.

Chikhalidwe nachonso chimawerengedwa, ngakhale anthu amakonda kuchiika pansi pa chipembedzo. Ku ndende ya Pollsmoor ku Cape Town, alonda aamuna anachotsedwa ntchito mu 2007 atakana kumeta madiredi. Ena anali Marasta, ena ankasunga tsitsilo potsatira mwambo wa Chixhosa wa anthu oitanidwa kukhala asing'anga. Mu 2013 khoti la apilo la ku South Africa linati kuwachotsako kunali tsankho. Boma linalephera kuonetsa kuti tsitsilo linasokonezapo ntchito pa zaka zonse zomwe anthuwo anagwira ali nalo, ndipo alonda aakazi ankaloledwa madiredi omwewo. Mfundo yomalizayi abwana aisunge: lamulo lomwe mumalitseka maso kwa ena n'kulikumbukira kwa ena ndi umboni wokutsutsani.

Pali mbali ina yomwe imabwera mwakachetechete. Wantchito amabwera kudzadandaula, osati za chovala chake, koma cha mnzake: siketi yafupika, mayi wavala buluku, mnyamata waboola khutu, ndipo chikhulupiriro changa sichilola kuona zotere. Munthu wotere ndimamumvetsera mwaulemu, koma ufulu wa chipembedzo umateteza zimene iwe wavala pathupi pako, sukupatsa ulamuliro pa thupi la mnzako. Ngati kampani ikufuna kavalidwe kodzilemekeza, ilembe muyezo womveka wogwira amuna ndi akazi, osati kudikira wodandaula kuti ndiye aike malire. Malamulo a kavalidwe amakonda kulemera mbali ya amayi. Nicola Thorp anabwezedwa kunyumba pa tsiku lake loyamba la ntchito yolandira alendo ku London mu 2015 chifukwa chokana nsapato za gogoda, ndipo anthu oposa 150,000 anasaina chikalata chokadandaula ku nyumba ya malamulo. Palibe anatha kufotokoza kuti gogoda amathandiza bwanji kulandira alendo.

Pempho likafika, bwana asasanduke m'busa kapena shehe. Mawu oti "Msilamu wina uja savala, nanga iwe bwanji" ndi olakwika, chifukwa anthu a chipembedzo chimodzi satsatira mofanana, ndipo makhoti ambiri amangoyang'ana ngati munthuyo akukhulupiriradi moona mtima. Khalani naye pansi, mumve chimene sangathe kusiya ndi chimene angasinthe. Kawirikawiri nkhani imathera pa mtundu wa nsalu: hijabu kapena duku la mtundu wa yunifolomu, siketi yaitali m'malo mwa buluku, tsitsi lomangidwa kumbuyo. Apolisi a ku Canada a RCMP analola nduwira mu 1990, ndipo asilikali a ku South Africa analola hijabu mu 2021, koma onsewa akuzindikirikabe ndi yunifolomu yawo. Mukakana, kanani ndi chifukwa chomwe mungachilembe n'kuchiteteza. Ku America, kuyambira pa mlandu wa Gerald Groff mu 2023, kusokonezeka pang'ono kwa ntchito sikukwanira kukhala chifukwa chokanira pempho. Wolemba ntchito ayenera kuonetsa kuti kulola kungamudyere zambiri poyerekeza ndi bizinesi yake.

Wantchito nayenso ali ndi mbali yake. Nenani msanga, makamaka polemba kalata, ndipo bwerani ndi maganizo a momwe zingathekere, osangoti sindivula basi. Mukagwirizana, pemphani kuti zilembedwe m'failo yanu, chifukwa bwana amene wakulolani lero akhoza kusamutsidwa, wobwerayo n'kuyambiranso nkhani yomweyo.