Bhopal: usiku umene anthu anathawa osadziwa kolowera

Masiku ano fakitale yosunga mankhwala oopsa ku Ulaya, ku America kapena ku India imalamulidwa kukhala ndi dongosolo lolembedwa, lonena chochita mpweya wapoizoni ukatayika: aliza sayirini ndani, anthu oyandikana nayo athawire kuti, chipatala chiuzidwe chiyani. Mwambo umenewu si wakale. Mbali yaikulu ya malamulo ake inalembedwa anthu atafa kale ndi mpweya wapoizoni mu 1984 mumzinda wa Bhopal, likulu la chigawo cha Madhya Pradesh ku India.

Kampani ya Union Carbide India Limited, yomwe magawo ake ochuluka anali a Union Carbide ya ku America, inatsegula fakitale yake kumeneko mu 1969. Inkapanga mankhwala ophera tizilombo m'mbewu otchedwa Sevin. Patapita zaka pafupifupi khumi inayamba kudzipangira yokha methyl isocyanate, poizoni wopangira Sevin, yomwe ogwira ntchito ankangoitcha MIC, n'kumaisunga m'mathanki atatu okwiriridwa pansi. MIC ndi yamadzimadzi, koma sigwirizana ndi madzi: zikakumana zimatentha, zimawira, n'kusanduka mpweya wolemera kuposa umene timapumawu. Mpweya wotere sukwera kumwamba msanga, umakwawa pansi.

Kunja kwa mpanda kunali anthu. Osauka obwera kudzafuna ganyu anamanga zisakasa kutsidya kwa msewu, m'madera monga JP Nagar ndi Kazi Camp, ndipo mu 1984 boma la chigawocho linawapatsa zikalata za malowo. Ambiri ankangodziwa kuti m'katimo amapanga mankhwala a mbewu.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha kwa zaka zitatu. Mu Disembala 1981 wogwira ntchito wina, Ashraf Khan, anamwalira atapuma mpweya wapoizoni wa phosgene m'fakitalemo. Mu 1982 akatswiri a Union Carbide ochokera ku America anayendera malowo n'kulemba zoopsa 61, ndipo 30 mwa izo anati n'zazikulu. Chaka chomwecho mtolankhani wa mumzindawo, Rajkumar Keswani, anayamba kulemba nkhani zochenjeza kuti Bhopal ili pangozi. Choncho sitinganene kuti chiopsezo sichinaunikidwe. Chinaunikidwa ndithu, koma zimene anapeza zinathera m'mafayilo, osafika kwa munthu wogona kutsidya kwa msewu.

Pofika 1984 malonda a Sevin anali atalowa pansi ndipo kampani inkachepetsa zowononga ndalama. Makina oziziritsa mathanki anali atazimitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Usiku wa pa 2 Disembala madzi analowa m'thanki nambala 610, momwe munali matani pafupifupi 40 a MIC, kupitirira muyeso wovomerezeka. Mmene madziwo analowera ndi mkangano mpaka lero: kampani imati wina anachita dala, pamene ogwira ntchito ndi ena ofufuza amati anadutsa m'mapaipi amene ankatsukidwa madzulo amenewo. Cha m'ma 11:30 usiku ogwira ntchito anamva maso akuyabwa. Patangodutsa pakati pa usiku thanki inagonja. Makina osefa mpweya sanathandize. Nsanja yotenthera mpweya inali itachotsedwa paipi kuti ikonzedwe. Madzi opopera sankafika pamwamba pomwe mpweyawo unkatulukira.

Pamene dongosolo losamutsa anthu linafunika kwambiri m'pamene panaoneka kuti kulibe. Sayirini yochenjeza anthu akunja inalira pang'ono n'kuzimitsidwa, chifukwa chizolowezi cha pafakitalepo chinali kusadzidzimutsa anthu ndi kutayika kwa mpweya kochepa. Inadzaliranso cha m'ma 2 koloko m'bandakucha, mpweya wambiri utatuluka kale. Ngakhale ikanalira usiku wonse, anthu sanaphunzitsidwepo tanthauzo lake. Ogwira ntchito ankadziwa kuti munthu amathawira kumene mphepo ikuchokera, ndipo anapulumuka. Anthu a m'zisakasa anadzidzimuka akutsokomola, maso akuwawa ngati awathira tsabola, n'kuthamangira mumsewu ana ali kumsana. Ambiri analowera kumene mphepo inkapita, n'kumayenda limodzi ndi mpweyawo. Wothamanga amapuma kwambiri, ndiye kuti ankameza poizoni wochuluka. Ana, poti ndi aafupi, anali m'kati mwenimweni mwa mpweya wokwawa pansi uja.

Chopweteka n'chakuti malangizo amene akanapulumutsa anthu ambiri sankafuna ndalama. Kutseka zitseko ndi mawindo, kuphimba nkhope ndi nsalu yonyowa, kusathamanga. Palibe anawauza. Apolisi nawo ankaimba lamya kufakitale osayankhidwa zomveka, ndipo madokotala a pachipatala cha Hamidia analandira chikhamu cha odwala asakudziwa bwino kuti akulimbana ndi poizoni wanji. Pasiteshoni ya sitima, wachiwiri kwa woyang'anira, Ghulam Dastagir, analamula sitima yodzaza anthu kuti inyamuke nthawi yake isanakwane. Limenelo silinali dongosolo la wina aliyense, zinali nzeru za munthu mmodzi.

Chiwerengero choyamba cha boma chinati anafa ndi anthu 2,259. Kenaka boma la Madhya Pradesh linatsimikiza 3,787. Mabungwe omenyera ufulu wa okhudzidwa amati m'masabata oyamba okha anafa anthu pafupifupi 8,000, ndipo oposa 500,000 anapuma mpweyawo. Pa 16 Disembala, pamene akatswiri ankathetsa MIC yotsala m'mathanki ena awiri, anthu miyandamiyanda anachoka mumzindawo. Mawu a boma kapena a kampani sankawakhulupiriranso.

Sikuti dziko linalibe pophunzirira. Pa 10 Julaye 1976 fakitale ya ICMESA inatulutsa poizoni wa dioxin pa tauni ya Seveso ku Italy, ndipo panatha masabata awiri anthu asanayambe kusamutsidwa. Zimenezi zinabala lamulo la mayiko a ku Ulaya la mu 1982, lotchedwa dzina la tauniyo. Mu Novembala 1979 sitima yonyamula mpweya wapoizoni wa chlorine inagubuduzika ku Mississauga, ku Canada. Apolisi anasamutsa anthu oposa 200,000 chigawo ndi chigawo, ndipo palibe anafa. Kusiyana kwake ndi Bhopal n'kwakuti ku Mississauga kunali odziwa kuti alamule ndani.

A ku America ankati zotere sizingachitike kwawo. Mu Ogasiti 1985 fakitale ina ya Union Carbide yomweyo, ku Institute m'chigawo cha West Virginia, inataya mpweya woipa ndipo anthu oposa 100 anathamangira nawo kuchipatala. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa lamulo lotchedwa mwachidule EPCRA, lokakamiza makampani kuulula mankhwala amene akusunga ndiponso lokhazikitsa makomiti a m'madera okonzekera ngozi, momwe mumakhala ozimitsa moto, achipatala, apolisi, atolankhani ndi anthu wamba. India inapanga lamulo loteteza zachilengedwe mu 1986, inasintha lamulo la mafakitale mu 1987, ndipo mu 1996 inalamula kuti pakhale magulu okonzekera ngozi za mankhwala kuyambira ku likulu mpaka kumadera. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, linayambitsa APELL, ndondomeko yokonzekeretsa madera ku ngozi zotere, mu 1988. Zonsezi zimafunsa mafunso amene ku Bhopal sanayankhidwe: thanki yonse itatayika, mpweya ufika mtunda wotani, mphepo imawomba kulowera kuti usiku, m'njiramo muli sukulu ndi zipatala zingati, ndipo ndi liti pamene kudzitsekera m'nyumba kumaposa kuthawa.

Milandu ndiye inayenda mwaukamba. Mu 1989 Union Carbide inalipira madola 470 miliyoni, ndalama zimene okhudzidwa amati n'zochepa. Mkulu wa kampaniyo, Warren Anderson, anamangidwa ku Bhopal pa 7 Disembala 1984, anatulutsidwa pabelo, n'kubwerera kwawo osadzaonekeranso m'khoti mpaka kumwalira mu 2014. Mu 2010 akuluakulu asanu ndi awiri a nthambi ya ku India anagamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri. Zinyalala zapoizoni zolemera matani 337 zinachotsedwa pamalo a fakitaleyo mu Januwale 2025, kupita nazo ku tauni ya Pithampur m'chigawo chomwecho kuti zikatenthedwe, ndipo anthu a kumeneko anachita zionetsero zozikana.