Ketulo yayera m'kati: mugule softener kapena sefa?

Amalawi ambiri okhala ku London ndi madera a kum'mwera chakum'mawa kwa England amadabwa akaona ketulo yatsopano itayera m'kati, sopo osachita thovu, timabowo ta shawa titatsekeka. Ena amafika poopa kumwa madziwo. Musaope, madziwo ndi abwino ndithu. Dera limeneli lakhala pa miyala ya choko, ndiye madzi akamadutsa pansi amasungunula kashiamu ndi maginiziyamu. Mukawatenthetsa, zimenezi zimamatirira n'kuuma ngati laimu. Chovutika ndi boiler (makina otenthetsa madzi m'nyumba), makina ochapira ndi thumba lanu, osati mimba.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye madzi anu. Makampani a madzi, monga Thames Water, amaonetsa pa intaneti kuchuluka kwa choko m'madzi mukalemba postcode yanu. Akapitirira mamiligalamu 200 pa lita, ndiye kuti choko chachuluka, ndipo madera ambiri a London ali pamwamba pa pamenepo. Koma wa ku Glasgow, kapena wa ku Manchester kumene madzi ambiri amachokera ku Lake District, akagula softener (makina ochotsa choko m'madzi a m'nyumba) wangotaya ndalama.

Pamene anthu amasokonezeka kwambiri ndi apa: softener ndi sefa sizigwira ntchito imodzi. M'kati mwa softener muli timikanda ta resin timene timagwira kashiamu n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake. Timikandato tikadzaza, makinawo amadzitsuka okha ndi madzi amchere n'kutayira zonse m'ngalande. N'chifukwa chake mumagula mchere nthawi ndi nthawi, ndipo mtengo wa mcherewo muziuwerengeratu. Muwerengenso anthu a m'nyumba. Pathu alendo sasowa, ndiye kamakina kopangidwira anthu awiri sikangakwanitse banja la anthu asanu ndi mmodzi.

Sodiyamu uja musamuiwale. Pa mamiligalamu 100 alionse a choko amene achotsedwa, m'madzi mumalowa sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 46. Madzi a choko cha mamiligalamu 300 ndiye kuti alandira sodiyamu pafupifupi 140 pa lita, pomwe malire a boma pa madzi akumwa ndi 200. Ine poika softener ndimasiya mpope umodzi wa kukhitchini wosadutsa m'makinawo. Mkaka wa mwana wakhanda muzipangira madzi a mpope umenewo, ndipo amene dokotala anawauza kuti achepetse mchere chifukwa cha BP azimwanso omwewo.

Sefa ya makala imachotsa fungo ndi kukoma kwa klorini, koma choko chimadutsa bwinobwino. Majagi osefa madzi a Brita amachepetsako choko, mokwanira tiyi basi, boiler sangaipulumutse. Sefa ya reverse osmosis, yodutsitsa madzi pa kansalu ka timabowo tating'ono kwambiri, imachotsa pafupifupi zonse, kungoti imataya madzi ambiri ndipo nthawi zambiri imaikidwa pa mpope umodzi wokha. Tizipangizo ta maginito tokulunga pa paipi timatsatsidwa mokometsa, koma kashiamu amakhalabe m'madzimo. Ine sindilimbikitsa munthu kuti atidalire.

Ngati mukukhala pa lendi, musadule paipi mwininyumba asanavomere. Ambiri a lendi zimawakwanira kugula jagi ya sefa ndi kuwiritsa viniga wosakaniza ndi madzi m'ketulo kamodzi pa mwezi, kenako n'kutsukuluza bwino. Mutu wa shawa muunyike m'viniga usiku wonse, timabowo titseguka.