Kupweteka kwa m'mimba mayi akangochira: mafunso ndi mayankho

N'chifukwa chiyani m'mimba mumapotabe mwana atabadwa kale?

Chiberekero ndi mnofu, ndipo mayi akangochira chimakhala cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Kuti chibwerere mwakale, zomwe zimatenga masabata pafupifupi 6, chimayenera kumakokana, ndipo kukokanako n'kumene kumafinya mitsempha ya pamalo pomwe panali nsengwa kuti mayi asataye magazi ambiri. N'chifukwa chake mzamba amabaya mayi jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, kenako n'kumasisita pansi pa mchombo kuti amve ngati chiberekero chalimba. Ululu umakula masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo kwa amayi ambiri sabata ikamatha umakhala utazilala.

Bwanji umawonjezeka poyamwitsa?

Mwana akamayamwa, thupi la mayi limatulutsa lokha oxytocin yemwe uja, amene amatsitsa mkaka komanso kukokanitsa chiberekero. Ichi si chifukwa chomuchotsera mwana bere ayi, pakuti kuyamwitsa kumathandiza chiberekero kuphwa msanga. Amayi amene anaberekapo kale, ngakhalenso amene achira mapasa, ndiwo amamva kupweteka kwambiri, choncho asadabwe ngati pa mwana wachitatu zikuwawa kuposa pa mwana woyamba.

Tingachite chiyani pakhomo?

Kodzani pafupipafupi, makamaka musanayamwitse, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza chimalepheretsa chiberekero kukokana bwino. Thirani madzi ofunda m'botolo, mulikulunge ndi chitenje n'kuliika pansi pa mchombo, ndipo muziyendayenda pang'ono m'nyumba. Panado savulaza mwana woyamwa. Ibuprofen amathandizanso, koma mayi amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena BP yokwera ayambe wafunsa anamwino. Apongozi ndi azakhali amene akudikirira mayi m'chikuta tikuwapempha mwaulemu kuti asamumwetse zitsamba zoti zitsuke m'mimba, chifukwa mlingo wake sudziwika.

Ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Ululu wabwinobwino umabwera n'kupita, ndipo umachepa tsiku ndi tsiku. Ukamakulirakulira, kapena ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, magazi onyowetsa thewera lonse ola lisanathe, magazi oundana akuluakulu kapena chizungulire, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni kapena Limbe, komwe vuto likakula amatumiza mayi ku chipatala chachikulu cha Queens mumzinda wa Blantyre.

Nanga ndondomeko yokapimitsa ndi yotani?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi akhale kuchipatala maola osachepera 24 atachira, apimidwenso pa tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pomaliza pa masabata 6. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mukafika musangopereka mwana kuti ayezedwe, fotokozaninso za m'mimba mwanu ngakhale anamwino asanakufunseni.