Lamulo la 140/90: BP ikakwera, mtima umavutika bwanji?

Manambala awiri amene anamwino amalemba m'buku la kuchipatala amatanthauza chiyani?

Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yapansi ndi pamene mtima ukupuma. BP ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Musayezetse mutangofika wefuwefu, khalani kaye pansi mphindi zisanu.

Palibe pomwe pakundipweteka, ndimwerenji mankhwala?

Mtima ndi mnofu. Ukamakankha magazi mokakamiza kwa zaka, khoma la chipinda chake chakumanzere limakhuthala, kenaka limauma n'kufooka. Ndiye zija anthu amati "mtima wakula". Madzi amayamba kudzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Munthu amabanika pokwera kachitunda komwe kale ankakwera atasenza thumba la chimanga, mapazi amatupa mpaka nsapato kukana, usiku amagona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya umaperewera. Ena amati ndi mphumu, ena amathamangira kunena kuti alodzedwa, chonsecho chiyambi chake ndi BP ija imene sinkapweteka. Mitsempha yodyetsa mtima nayonso imathina, ndipo tsiku lina imatha kutsekeka.

BP yatsika. Ndisiye kumwa?

Ayi. Yatsika chifukwa cha mankhwalawo, mukasiya ikweranso. Amlodipine, hydrochlorothiazide ndi enalapril sachiza, amangoigwira, n'chifukwa chake ambiri amamwa moyo wonse. Enalapril amatsokomoletsa ena, amlodipine amatupitsa akakolo. Zikatero kauzeni adokotala akusinthireni, osati kungoponya mapilitsi pansi pa bedi. Amayi oyembekezera samwa enalapril.

Nanga mchere?

Bungwe la WHO limati usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi. Muwerengeremo wa m'ndiwo, wa m'buledi, wa patchipisi ndi wothira pambale. Soda wophikira therere nayenso ali m'gulu lomweli, ngakhale ambiri sitimuwerengera.

Ndi liti pamene sindiyenera kudikira tsiku langa la kiliniki?

Pachifuwa pakamapanikiza ngati pakhala mwala, ululu n'kumafika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu. Chimodzimodzi mukabanika muli chikhalire, pakamwa pakapindika kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka. Pezani galimoto kapena njinga nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mutenge buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala omwe mukumwa.