Buku la munthu wamkulu lizikhala m'chikwama

Mwezi wathawu mayi ena ogulitsa kaunjika anabweza buku ku laibulale komwe ndimagwira ntchito, kalisiti ka musitolo kali pa tsamba 14. Ndisanawafunse n'komwe anayamba kupepesa: "Bambo, nthawi. Ndikafika pakhomo ndiphike, ndione za ana, pomadzagwira bukulo maso atalemera kale." Ndinawafunsa komwe bukulo limakhala. Anati kumutu kwa bedi.

Vuto lagona pamenepo, ndipo si la mayiwa okha. Buku lodikira mwini wake kuchipinda limalandira mphindi zomwe munthu watheratu. Ambirife sukulu inatizoloweretsa kuti kuwerenga ndi kukhala pa desiki maola awiri kuli zii, monga tinkachitira pokonzekera mayeso. Tikakula timadikirabe maola awiri amenewo. Sabwera, chifukwa Loweruka kuli ukwati, Lamulungu kutchalitchi, pakati pa sabata pagwa zovuta kumudzi. Zomwe munthu wamkulu ali nazo ndi tizidutswa: kudikira kuti minibasi idzaze pa depoti, mzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi, benchi la kusikelo ya mwana, msonkhano womwe anati 9 koloko koma ukuyamba cha m'ma 10. Tizidutswa timeneti panopa tikuthera pa WhatsApp ndi Facebook, kaamba koti foniyo ndi yomwe imakhala pafupi ndi dzanja.

Tiwerengetsere pamodzi. Mu 2019 katswiri wina wa pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, Marc Brysbaert, anasonkhanitsa zofufuza zokwana 190 n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amadutsa mawu pafupifupi 238 pa mphindi imodzi. M'Chichewa chiwerengerocho chitha kutsikirapo, poti liwu limodzi ngati "sindinakuoneni" limasenza chiganizo chonse, choncho ine ndimakonda kuwerengera masamba. Tinene kuti tsamba limodzi likukutengerani mphindi ziwiri. Mphindi 20 pa tsiku ndi masamba 10, ndipo buku la masamba 200 latha m'masiku 20. Mabuku ambiri a nkhani a m'Chichewa ndi opyapyala kuposa pamenepa.

Koma kungolonjeza mumtima kuti "chaka chino ndiziwerenga" sikupita patali. Peter Gollwitzer, katswiri wa za maganizo a anthu wochokera ku Germany, anafotokoza mu 1999 kuti cholinga chimagwira msanga chikamangiriridwa pa nthawi ndi malo odziwika, munthu n'kuneneratu kuti chakuti chikachitika ndichita chakuti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: nthawiyo ikafika simuyambanso kukangana ndi mtima wanu, malowo ndi omwe amakukumbutsani. Amene amatsegula Baibulo kapena Korani m'bandakucha uliwonse anazidziwa kale zimenezi. Sikuti ali ndi nthawi yambiri kuposa anzawo ayi, koma kuti bukulo lili ndi malo ake pa tsiku. Ndiye inu nenani motere: ndikangokhala pampando wa minibasi, nditulutsa buku, foni ikhale m'thumba mpaka kondakitala atatseka chitseko. Ikanyamuka mutha kulitseka, makamaka ngati kuwerenga galimoto ikuyenda kumakupatsani chizungulire ndi nseru.

Masiku oyamba mudzavutika, ndisakunamizeni. Maso adzafika pansi pa tsamba maganizo ali pa ngongole ya fizi. Mutu wozolowera timauthenga tifupitifupi umafuna chatsopano pafupipafupi, ndipo pamatenga masiku angapo kuti uzolowerenso kutsata nkhani imodzi. Bwererani pamwamba pa ndimeyo, osataya mtima. Mukamatseka buku, ikani kapepala ndipo chongani ndi pensulo pomwe mwalekera (ngati ndi la ku laibulale, kapepala kokha chonde), kuti mawa musawononge theka la nthawi yanu mukusakasaka.

Pali china chomwe chimandimvetsa chisoni chifukwa anthu sachitchula. Munthu akadutsa zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Amayamba kutalikitsa buku, zilembo zimachita mbuu, mutu umawawa, tulo n'kubwera. Iye amati wakalamba kapena mabuku sakumukomeranso, chonsecho akungofunika mandala owerengera. Ngati mwayamba kutambasula mkono kuti muone nambala ya pa khadi la mayunitsi, pitani mukayezetse maso. Kuwala kumathandizanso: masana pakhonde diso limaona bwino kusiyana ndi usiku pa kandulo magetsi atazima.

Ndipo buku likakhala kuti silikukukokani mutadutsa masamba 40 kapena 50, lisiyeni. Palibe mayeso akukudikirani. Ndaona anthu atakhala chaka chathunthu osawerenga kanthu chifukwa chochita manyazi ndi buku limodzi lomwe linawakanika. Kubwereka kumachepetsa manyazi amenewa poti simunataye ndalama, komanso tsiku lobweza lodindidwa mkatimo limakukankhani pang'ono. National Library Service, yomwe imayendetsa malaibulale a boma ndipo inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo mabukuwo sanaikidwemo kaamba ka ana a sukulu okha.

Mayi a kaunjika aja ndinawapempha kuti alitengenso buku lomwelo, koma lizikhala m'chikwama momwe amasungiramo ndalama zosinthira. Atabwera patatha masabata atatu anandiuza kuti dzuwa likafika paliwombo makasitomala amachepa, ndiye amakhala pa belo n'kuwerenga mpaka wina atafunsa mtengo. Kalisiti kaja kanali pa tsamba 131, ndipo anapempha kuti ndiwaonjezere masiku.