Mwana watentha thupi koma malungo sanapezeke: magazi angatiuzenso chiyani?

Mwana akatentha thupi kuno ku Mzuzu, choyamba chimene achipatala timachita ndi kumubaya pachala n'kuyeza malungo. Nkhani imavuta pamene kachipangizo kaonetsa kuti malungo mulibe, mwana sakutsokomola, sakutsegula m'mimba, m'makutu ndi kukhosi muli bwino, koma thupi likadali moto. Kholo limayembekezera kubwerera ndi mankhwala, ndipo wachipatala amene odwala amudzadzira pabenchi amaona kuti chapafupi n'kulemba amoxicillin, mmodzi mwa maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya).

Komatu ana ambiri otere amakhala atagwidwa ndi mavairasi, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo mavairasi samva maantibayotiki. Thupi limawagonjetsa lokha m'masiku ochepa. Amene amatidetsa nkhawa ndi ana ochepa amene mabakiteriya abisala m'njira ya mkodzo kapena alowa m'magazi, chifukwa tsiku loyamba sasiyana maonekedwe ndi anzawo a chimfine.

Pofuna kuwasiyanitsa, madokotala amayeza zinthu zina m'magazi. CRP ndi puloteni imene chiwindi chimapanga thupi likamalimbana ndi matenda. Imayamba kukwera pakatha maola 6 mpaka 8 ndipo imafika pachimake pakatha pafupifupi masiku awiri. Procalcitonin, puloteni ina ya m'magazi, imakwera msanga, m'maola 3 kapena 4, ndipo kawirikawiri imakwera chifukwa cha mabakiteriya kusiyana ndi mavairasi, moti ikapitirira mlingo wa 0.5 ng/mL mwa mwana wamng'ono dokotala amayamba kufufuza mozama. Kuwerenga maselo oyera a m'magazi, kumene ambiri tinakuzolowera, sikudalirika kwenikweni pakokha. Kafukufuku wa ku Dar es Salaam amene anasindikizidwa mu 2017 anaonetsa kuti achipatala akamatsogoleredwa ndi miyezo iwiriyi pamodzi ndi kuunika mwana bwino, ana olandira maantibayotiki amachepa kwambiri koma amachira ndithu.

Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la miyezoyi lili pamene yatuluka yotsika, chifukwa imapatsa dokotala ndi kholo mphamvu yodikira, mwana akumwa Panado ndi zakumwa zambiri. Ikatuluka yokwera sinena kumene matenda ali, ndiye pamafunikabe kuyeza mkodzo kapena kumvetsera chifuwa. Malungo nawonso amaikweza, ndipo mwana amene wayamba kutentha m'mawa womwewo CRP yake ikhoza kukhala isanakwere. M'zipatala zing'onozing'ono zambiri miyezoyi sipezeka, ndipo procalcitonin ndi yokwera mtengo.

Kupereka maantibayotiki pongofuna kudziteteza kuli ndi kuipa kwake. Zoyeza magazi za odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016 zinaonetsa kuti mabakiteriya osamva mankhwala, ngakhale jekeseni wa ceftriaxone, akuchulukirachulukira, ndipo makapisozi ogula pagolosale n'kumwa masiku awiri okha amawonjezera vutoli.

Khanda losakwana miyezi iwiri sililowa m'gulu lodikirali: likatentha thupi liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale CRP itakhala yotsika. Mwana wokulirapo amene wabwezedwa kunyumba wopanda maantibayotiki abwererenso pakatha masiku awiri kapena atatu ngati kutentha sikunasiye, koma akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamapuma mofulumira kapena akafooka moti sakudzuka, muthamange naye ku Mzuzu Central kapena kuchipatala chapafupi ngakhale pakati pa usiku.